Maukwati Awiri Chaka Chimodzi

1

Ndiyambe ndi kuvomera kuti kwa zaka zisanu ndinkagulitsa anthu akwathu Loweruka lililonse, iwo akuombera m'manja. Dzina langa ndine Perla Dimayuga wa ku Marikina, mmodzi wa alembi a sewero loseketsa la pa TV lija, *Pakhomo pa a Gorio*. Ngati munaseka tsiku lomwe a Gorio anabisa tambala wa ndewu m'bafa, akazi awo n'kulowamo ndi thaulo lokha, dziwani kuti tambalayo anali wa bambo anga, ndipo chipsera chili pamwendo wa amayi mpaka lero.

Kupeka sindidziwa. Lolemba lililonse abwana athu, Madam Zeny, ankangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Perla, kwanu kwagwanji sabata ino?" Ndipo kwathu sikunkandichititsa manyazi. Achimwene anga, Kuya Dindo, anagulitsapo khofi wochepetsa thupi amene anatsekula m'mimba msewu wathu wonse, kuphatikizapo sisitere wa ku parishi. Amayi anakhalapo miyezi iwiri osalankhula ndi bambo, uthenga wonse ukudzera kwa galu. Mng'ono wanga Jingky, wogwira ntchito ku saluni, anayesera mankhwala atsopano pamutu pa amayi, amayi n'kupita ku maliro ndi tsitsi lobiriwira. Ine ntchito yanga inali kutola basi.

M'seweromo muli anthu anayi: a Gorio, akazi awo a Pasing, mwana wamwamuna Boyet, ndi chitsiriza Tintin. Kwathu tilipo asanu. Ine ndinadzisiya kunja, ndipo palibe anafunsapo chifukwa.

Musaganize kuti akwathu ankakwiya. Amayi ankanyadira akamaitanidwa kuti a Pasing kumsika, poti ogulitsa ankawawonjezera tomato. Dera lonse linkadziwa kuti chimene chaoneka kwa a Gorio chinachitikadi kwa a Dimayuga. Mbiri imeneyi ndinaimanga ndekha, ndipo ndi yomweyi inadzatipweteka.

2

Kwathu ana a mimba imodzi samanga ukwati chaka chimodzi. Timati sukob. Mwayi umagawika pawiri, tsoka n'kubwera lathunthu. Chaka chimene m'banja mwagwa maliro nachonso sichikhala cha ukwati. Ophunzira amaseka zimenezi pagulu, koma likafika tsiku losankha deti, onse amayamba aimbira amayi awo.

Chaka chimenecho chinali cha Kuya. Iye ndi Glaiza anali atatomerana zaka zisanu ndi ziwiri, ukwati ukungosunthidwa, mwina agogo amwalira, mwina bizinesi ya Kuya yagwanso. Tsopano tchalitchi chinali chitalembetsedwa pa 14 Disembala. Chaka chotsatira chinali chitatengedwa kale ndi mlongo wake wa Glaiza, ndiye ukapanda kuchitika Disembala ameneyo kunali kudikira zaka zina ziwiri. Glaiza anali atanena poyera kuti iye sadikiranso, azikalamba yekha ndi ulemu wake.

Amayi analamula kuti pasakhale mkangano uliwonse m'nyumba mpaka ukwati udutse. M'nyumba munangoti zii. Kwa ine imeneyi inali njala. Masabata atatu ndinapita kuntchito chimanjamanja.

"Perla, ndimakulipira kuti uzikhala chete?" anatero Madam Zeny Lolemba lachinayi. "Pofika masana ndikufuna nkhani. Apo ayi pali anyamata ambiri panjapo amene makolo awo amamenyana."

Mawu anatuluka ndisanawayeze. "Bwanji Tintin akwatiwe mobisa kwa jaji, chaka chomwecho cha ukwati wa Boyet?"

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Ndinalemba gawolo tsiku limodzi, ndipo linali lokoma kuposa onse amene ndinalembapo. Ndinadziuza kuti ndichenjeza anthu kunyumba lisanaonetsedwe. Tsiku lililonse ndinkati mawa.

Linaonetsedwa Loweruka loyamba la Novembala. Tinali tonse pabalaza, mbale za mpunga ndi nsomba yokazinga pamiyendo. Bambo anaseka mpaka kutsamwa pamene a Pasing anapeza mphete m'chidebe cha mpunga. Kuya anaseka pang'ono n'kusiya. Amayi anaika mbale pansi, n'kuzimitsa TV sewero lisanathe.

"Perla."

"Nanay, ndangopeka," ndinayankha, poti kwathu amayi timawaitana choncho.

"Iwe chibadwire sunapekepo kanthu. Ngakhale bodza la kusukulu ankakupekera ndi mng'ono wakoyu." Anatembenukira kwa Jingky pang'onopang'ono. "Tintin ndi ndani m'nyumba muno?"

Jingky anali ndi supuni m'kamwa. Anaichotsa, n'kundiyang'ana ine.

"Usayang'ane mkulu wako, yang'ana ine," anatero amayi. "Wakukwatira ndi mnyamata wako uja wa njinga yamoto, wojambula chinjoka pakhosi uja? Caloy uja?"

"Nanay, Caloy alibe ngakhale nsapato zolowera kwa jaji."

"Ndiye unamugulira."

"Consuelo, mwana adye kaye," bambo anayesa kuwadekhetsa amayi.

"Inu khalani chete, mumadziwa za atambala basi. Tengera chitsanzo kwa Ate, mkulu wakoyu, Jingky. Chibwenzi chake chili kusitima, zaka zinayi akudikira nthawi yake osadandaula. Iwe wangomera mano dzulodzuloli, wathamangira kutiphera ukwati."

Ine ndinkadziwa mwini nkhaniyo. Ndinatola mbale n'kupita kukatsuka.

3

M'mawa mwake, tisanachoke n'komwe kupita ku Misa, kunafika Aling Basyon, amayi ake a Glaiza. Ndi mayi wamfupi wogulitsa nsapato, amene akamalankhula amaloza munthu ndi ambulera. Tonse tinagwira dzanja lawo n'kuligunditsa pamphumi monga mwa ulemu, koma litafika kwa Jingky analibweza.

"Mare, sindinabwere kudzamwa khofi," anauza amayi, poti asewere kwathu amaitanana Mare. "Foni yanga sinapume. Achibale a ku Batangas aimba, a ku Dubai aimba. Mwana wanga wamkazi ndi mmodzi yekha. Mukufuna ndimuike m'bokosi chaka chisanathe?"

"Mare, ndi sewero chabe."

"Khofi uja analinso sewero? Ine ndinagona m'chimbudzi masiku awiri."

Kuya anaweramitsa mutu.

Aling Basyon anali atabwera ndi njira yake. Ku ofesi ya kalembera wa boma amapereka chikalata chotsimikiza kuti munthu sanakwatiwepo, chomwe aliyense amatenga asanamange ukwati. Anati Jingky akatenge chake. Chikatuluka choyera, nkhani yatha. Anapereka masabata awiri.

Mtima wanga unakhala pansi. Zinali zophweka. Jingky akangopita, pepala likanamuyeretsa, tonse n'kuseka.

"Sindipita," anatero Jingky.

"Wati chiyani?"

"Ndati sindipita, Nanay. Mwandibereka nokha. Ngati mawu anga sakukwana, pepala la boma lisakhale mayi wanga."

Amayi anakhala pampando ngati awakankha. Kwa iwo kukanako kunali kuvomera. Pofika masana anali atakhuthula matumba onse a Jingky, atang'amba pilo, atapisa mkono mpaka m'chigongono m'chidebe cha mpunga, poti m'sewero mphete inali mmenemo. Anapezamo kiyi wa khola la tambala amene bambo anabisa chaka chatha. Tsiku lina zikanandisangalatsa, ndikanazilemba m'kabuku kanga.

Madzulo Jingky analongeza chikwama n'kupita kukagona kuseri kwa saluni, pakabedi kosambitsira makasitomala kumaso. Podutsa pakhomo anaima pafupi nane kanthawi. Ndinayang'ana mapazi anga mpaka anatuluka.

4

Kuntchito kunali chisangalalo. Gawolo linaonedwa ndi anthu ambiri kuposa lililonse chaka chimenecho. Madam Zeny anandigulira keke, n'kulamula gawo lachiwiri.

"A Pasing achita chiyani akadziwa?"

"Amuthamangitsa," ndinatero.

"Akagona kuti?"

"Ku saluni."

Inde, ndinanenadi zimenezo. Mukhoza kunditukwana, inenso ndimadzitukwana. Lachinayi ndinaima kuseri kwa makamera ndikuonerera mtsikana wochita Tintin akugubuduzika kugwa pakabedi kaja katatu, anthu obwera kudzaonerera akuseka nthawi iliyonse nyali yowauza kuseka ikayaka. Ndinatuluka kujambula kusanathe.

Masabata amenewo sindinkakhazikika. Ndinkakwera jipi n'kupitirira potsikira. Ndinkayamba kudya n'kuiwala mbale pawindo. Kunyumba Kuya ankangozungulira pabalaza ndi makadi oitanira anthu m'manja, osadziwa ngati awatumize. Amayi anayamba novena, mapemphero a masiku asanu ndi anayi, n'kuchotsa dzina la Jingky pa mndandanda wa operekeza mkwatibwi. Caloy anasiya kudutsa mumsewu wathu, poti amayi ake anamva kutchalitchi kuti anakwatira osawauza, ndipo anamuswera mbale pamutu. Patapita masiku Caloy anamulembera Jingky kuti banja lathu ndi lovuta, aliyense ayendere yake.

Lachisanu lachiwiri ndinapita ku saluni ndi chikwama cha zovala. Ndinampeza akutsuka mutu wa kasitomala, maso atalowa m'kati.

"Ate. Mwabwera kudzanena kanthu?"

"Ndakubweretsera zovala. Ndi nyama ya adobo, bambo aphika mobisa."

"Basi?"

"Jingky, ungopita ukatenge pepalalo. Bwanji ukudzizunza?"

Anatseka mpopi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, thovu likudontha m'manja.

"Ikani pampandopo," anatero. "Zikomo."

5

Tsopano ndikuuzeni chimene ndakhala ndikuchizungulira.

Ompong, mnyamata wanga wa kusitima uja, ndinakumana naye kuntchito, anali wojambula ndi kamera. Anabwera kwathu ndi makolo ake kudzandipempha mwaulemu wonse zaka zinayi izi zisanachitike. Chaka choyamba amayi anati tidikire, ndi cha Kuya. Kuya anasuntha. Chachiwiri anamwalira agogo. Chachitatu chinali cha Kuya kachiwiri, ndipo anasunthanso mu Okutobala, nthawi itatha kale. Chachinayi amayi anandisisita tsaya n'kunena kuti, "Iwe ndiwe womvetsa." Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo kumvetsa kunali kutanditopetsa.

Mu Febuluwale Ompong anapeza ntchito yojambula alendo m'sitima zapanyanja, ya zaka ziwiri. Anati, "Perla, sindikwera sitima ndili chibwenzi cha munthu." Lachiwiri lina nthawi ya nkhomaliro tinapita kwa jaji. Mboni zinali anzake awiri. Tinadya pansit pamsewu, ine n'kubwerera kuntchito. Ndinati ndidzaulula Januwale, Kuya atakwatira, ndipo tsoka silidzadziwa chifukwa palibe waliuza.

Tsono Lolemba lija, nditasowa chogulitsa, ndinagulitsa changa. Koma poti m'sewero ine mulibe, ndinachiveka Tintin. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Kwathu zinatembenuka, anadya ndi wamkulu.

6

Lamlungu lomaliza Aling Basyon anabwera ndi Glaiza. Glaiza anali atavula kale mphete, ataigwira m'chibakera. Amayi anaphika chakudya chambiri chimene palibe anachikhudza. Kuya anavala malaya a kolala ngati akupita kukhoti.

"Pepala lili kuti?" anafunsa Aling Basyon.

Chitseko chinatseguka, Jingky n'kulowa ndi yunifolomu ya ku saluni. Analibe pepala. Anaima pakati pa balaza, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

"Musavutike," anatero. "Ndi zoona. Ndinakwatiwa kwa jaji. Ndafunsa agogo ena amene amabwera ku saluni, akuti pali mankhwala ake. Wokwatira pambuyo akalowera khomo lakumbuyo kwa tchalitchi, tsoka silimuona. Ndiye chitani zimenezo, ukwati uchitike. Ine sindibwera, musaope."

Amayi anaimirira. Nkhope yawo sindinaionepo chotero.

"Kuyambira lero," anayamba, "ine ndili ndi mwana wamkazi mmodzi."

"Nanay, ndi ine."

Mawu anga anatuluka aang'ono, moti bambo anafunsa kuti, "Wati chiyani?" Ndinabwereza. Ndinatchula Ompong, Febuluwale, jaji. Ndinapita kuchipinda n'kukatenga chikalata cha ukwati m'thumba lam'kati mwa chikwama changa chakale, n'kuchiika patebulo pakati pa mbale.

Ndinkayembekezera mbama. Aling Basyon anayamba kulankhula, koma Glaiza anawagwira mkono. Amayi anatenga pepalalo, n'kuliwerenga kawiri, milomo ikuyenda.

"Unavala chiyani?"

"Nanay?"

"Ndikufunsa kuti unavala chiyani."

"Jinzi. Ndi bulauzi yachikasu ija."

"Yothimbirira pamkono ija." Anakhala pansi. "Velo yanga ndaisunga zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, ndikuyanika chaka chilichonse kuti njenjete zisadye." Atatero analira, kulira kwenikweni, kopanda phokoso. Bambo anawagwira phewa, kwa nthawi yoyamba imene ine ndikukumbuka.

Kuya sanandiyang'ane. "Masabata awiri, Perla," anatero. "Unkandipatsa khofi m'mawa uliwonse."

Nditatembenuka kuti ndimuone Jingky, anali atapita. Amayi anathamangira kumsewu opanda nsapato akuitana dzina lake, koma jipi inali itanyamuka.

7

Ukwati unachitika pa 14 Disembala. Aling Basyon anavomera mankhwala aja, koma anati kuti zitsimikizike Kuya ndi Glaiza alowere kumbuyo onse awiri. Choncho Glaiza, atadikira zaka zisanu ndi ziwiri kuti ayende pakati pa tchalitchi anthu ataimirira, analowera kakhomo kosungirako matsache ndi ndowa, atakwinya diresi m'manja. Anthu anaseka, iyenso anayesa kuseka. Mpaka pano amandipatsa moni wa mawu awiri, ndipo sindimudandaula.

Jingky anabwera. Amayi anapita ku saluni katatu kukamupepesa, kachitatu anagwada. Jingky anakonza tsitsi la mkwatibwi, koma paphwando anakhala tebulo la anzake a kuntchito. Ndinamutsatira panja pamene anthu ankavina.

"Unadziwa liti?" ndinamufunsa.

"Mu Malichi. Ndinabwereka chikwama chanu chija."

"Ndiye bwanji sunangokatenga pepala lako?"

"Langa likanatuluka loyera, Aling Basyon akanafunsa la ndani? Ana aakazi tilipo awiri, Ate."

Ndinayamba kupepesa, koma anapukusa mutu.

"Sindikudandaula za kabedi kaja. Za Caloy n'zabwino, ndamudziwa msanga. Mukanangobwera n'kunena kuti, Jingky, ndi ine, ndisenzere mpaka Januwale, ndikanasenza ndikuseka. Tsiku lija munabwera ndi adobo ndinatseka mpopi kuti ndikumveni bwino. Munandiuza kuti ndikatenge pepala."

Mu Januwale anapeza ntchito ku saluni ina ku Cebu. Amaimbira amayi Lamlungu lililonse. Ikafika nthawi yanga amati kasitomala wafika.

Inu owerenga amene mumaoneranso sewero lathu, makalata anu ambiri amandifunsa ngati sukob ndi yoona. Kuya ndi Glaiza ali bwino, ali ndi mwana wamkazi wonenepa. Ompong anabwerera, tikukhala ku Pasig, ndipo palibe wadwala. Tsoka limene amayi ankaliopa silinabwere. Limene linabwera ndinalilemba ndekha, masamba makumi awiri ndi anayi, n'kulandira keke.

Ndikugwirabe ntchito yomweyo, ndipo pano ndikuphunzira kupeka, ngakhale Madam Zeny akuti nkhani zanga zazilala. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti ngati pali wina kwanu amene akusenza katundu wanu mwakachetechete, musadzinamize kuti sakudziwa mwini wake. Mwina akudziwa, akungodikira kuti mumupemphe. Pitani lero. Wanga anandidikira masiku khumi ndi anayi, ndipo ine tsopano ndamudikira zaka ziwiri.